Mafuta pamutu pa a Lumo

Anthu ankangowatchula kuti a Lumo, poti ntchito yawo inali yometa. Kashopu kawo kanali pakati pa wokonza mafoni ndi mayi wogulitsa nsalu: mpando wozungulira, galasi long'aluka pakona ndi benchi ya odikira. Dzanja lawo linali lopepuka, moti ngakhale ana oopa mashini ankawodzera akumetedwa. A Lumo ankakonda kunena kuti bwana ndi wantchito onse amaweramitsa mutu akafika pampando wawo.

Nthenda ya pakhungu inawayamba ngati masewera. Kachigamba koyabwa pachigongono, kenako kena m'khosi. Pomwe chaka chimatha khungu lonse linali litachita mamba, manja atang'ambikang'ambika, m'mutu mukuyoyoka ngati phulusa. Adokotala anawauza kuti si yopatsirana, koma ndani akanapereka mutu wake m'manja otero? Makasitomala anayamba kudutsa tsidya lina la msewu, maso ali pafoni. Tsiku lina mayi wina anakoka mwana wake pampando kumeta kuli pakati. A Lumo anapukuta mashini, anakhoma shopu, n'kukabindikira kunyumba.

Kutchalitchi nako analeka kupita. Sikuti wina anawathamangitsa, koma ikafika nthawi yopatsana moni anthu ankangokweza dzanja chapatali, uku akumwetulira mopitirira muyeso. Munthu amene moyo wake wonse ankagwira mitu ya anzake tsopano analibe womugwira, kupatula akazi awo amene ankawapaka mankhwala m'mawa ndi madzulo.

Ndi akazi awo omwewo amene anakaitana akulu a mpingo kuti adzawadzoze mafuta. A Lumo atamva anapsa mtima. Anati za mafuta azionapo zambiri, ndipo akudziwa anthu amene anadzozedwa koma anamwalirabe. Mayiwo anangowasitira malaya.

Lamlungu masana kunabwera abusa pamodzi ndi mkulu wa mpingo wina, dalaivala wa basi wopuma ntchito, wandevu zambiri ndi mawu ngati hutala. Dalaivalayo atatulutsa kabotolo m'thumba la jekete, a Lumo anafunsa monyogodola ngati mafutawo atsika kumwamba.

"Ndagula m'golosale, achimwene," anatero dalaivala. "Ndi a olivi, ena amakazingira mazira. Mphamvu sili m'botolomu."

Abusa anafotokoza kuti kalelo ansembe ndi mafumu ankathiridwa mafuta pamutu, ngakhalenso ziwiya za m'nyumba yopembedzeramo, posonyeza kuti zapatulidwa ndipo zili ndi mwini wake. Anati wodwala naye amadzozedwa kuti adziwe kuti akadali wa Mulungu, ndiponso kuti abale ake sanamutaye. Za mankhwala a kuchipatala anati asayerekeze kusiya.

A Lumo ankaganiza kuti angowakhudza pamphumi ndi nsonga ya chala n'kuthamangira sopo. Koma dalaivala anathira mafuta m'zikhato zonse ziwiri n'kugwira mutu wamambawo zolimba ngati chiwongolero. Mafuta anayenderera kumakutu mpaka m'kolala. Anapemphera nthawi yaitali, manja osachotsa. A Lumo, amene sanagwetse msozi ngakhale pamaliro a bambo awo, anasisima ngati mwana. Atati ameni, dalaivala anapukutira manja m'ndevu zake, n'kunena kuti ndevuzo zamutopetsa, mawa m'mamawa akhala pakhomo pa shopu kudikira wometa wake.

Ndipo m'mawa mwake a Lumo anamupezadi ali pomwepo. Dalaivalayo anakhala pampando chitseko chili pululu, thovu lili mbuu kumaso, akupereka moni mokuwa kwa aliyense wodutsa kuti aone amene akumumeta. Tsiku lotsatira kunabwera abusa, kenako azibambo a kwaya, kenako wokonza mafoni uja, akunamizira kuti masiku onsewa anali wotanganidwa. Pang'ono ndi pang'ono benchi inayambanso kudzaza.

Khungu silinachire tsiku limodzi. Patapita miyezi dokotala wa zakhungu anawasinthira mankhwala, mamba anayamba kutha, ngakhale zipsera zinatsala mpaka ukalamba. Kasitomala akafuna kudziwa chimene chinawachiritsa, a Lumo ankayankha mashini akulira: "Khungu ndi adokotala, Mulungu awadalitse. Koma wonditulutsa m'nyumba muja ndi mafuta aja ndi manja a munthu."

Patapita zaka mpingo unawasankha kukhala mkulu. Atawafunsa gawo limene angakonde, anasankha la odwala. Lachinayi masana ankatseka shopu, n'kunyamula chikwama muli mashini, thaulo ndi kabotolo ka mafuta, ulendo wa kuchipatala, kuwodi ya ogonera nthawi yaitali. Ankayamba ndi kumeta. Akatha ankafunsa ngati munthu akufuna pemphero, ndipo wokana ankamumetabe sabata yotsatira.

Muwodimo munali bambo wina, wowotcherera zitsulo, amene anapsa nkhope ndi moto kuntchito. Chigonekereni ankangoyang'ana kukhoma, ngakhale ana ake ankawakaniza kulowa. A Lumo anapinda malaya, anamuonetsa mikono yawo yamawangamawanga, n'kumumeta mosamala molambalala mabandeji. Ulendo wotsatira bamboyo anapempha yekha mafuta, ndipo Lamlungu lake anauza anesi kuti anawo alowe.

Nkhaniyo inamveka mpaka m'mipingo ina. Anesi aakulu anapempha kuti Lachinayi lisamakhale la wodi imodzi yokha, choncho a Lumo anayamba kuphunzitsa anzawo. Masiku ano pachipata cha chipatala pamalowa kagulu ndithu: ometa, amayi oluka tsitsi, ndi wowotcherera zitsulo uja atanyamula zikwama. A Lumo amayenda patsogolo ndi ndodo yawo, imvi zili mbee, ndipo odwala akangomva nyimbo mukhonde amayamba kudzuka pamabedi, kulimbirana woyamba kumetedwa.