Tsiku limene amayi anabisa mbuzi

Pa wailesi amati bungwe lomwe si la boma, koma kwathu ku Nachisaka dzina lalitali chotero tinalibe nalo nthawi. Tinkangoti abungwe. Aliyense wotsika m'galimoto yoyera atagwira botolo la madzi anali abungwe basi. Tinkadziwanso kuti abungwe amathandiza osauka okha, choncho umphawi tinkachita kuukonzekera ngati Khirisimasi.

Katswiri wa zimenezi anali amayi anga. Loweruka lina mnansi wathu anafika ali wefuwefu, nati galimoto yoyera yatitimira m'matope kudambo ndipo eni ake akufunsa nyumba yathu. Amayi sanafunse zambiri. Mbuzi anazitsekera m'khitchini, matumba a mtedza anawafunditsa mphasa, mipando anakaiponya kuseri kwa nkhokwe. Ine anandivula chitenje chatsopano n'kundiveka chija chophulira miphika.

Galimoto itafika, ndinasuzumira m'kati. Woyendetsa anali chibwenzi changa, dalaivala wa bungwe lina ku Ntchisi, ndipo anali ndi amalume ake kudzafunsira mbeta. Tinagwirizana zoti adzabwere mvula ikatha, koma galimoto anaipeza tsiku limenelo. Amayi anali asanamuonepo.

Alendo anawakhazika padothi. Asanatsegule pakamwa, amayi anayamba kudandaula kuti nkhokwe ndi yopanda kanthu, mbuzi zonse zinafa, ife timagonera maungu. Ndinawatsinzinira, iwo n'kumayesa ndikuwalimbikitsa, mpaka anaphanso ndi pakamwa nkhuku zomwe zinkayenda pabwalo pomwepo. Manyazi anandigwira, ndipo ndinaopa kuti banja langa lathera pompo.

Amalume aja anamvetsera modekha, kenako anafotokoza chimene anadzera. Atayang'ana chitenje changa anapukusa mutu.

"Mbetayi taikonda, amayi. Koma ndi njala yotereyi, mwana wathu sangakhale pachikamwini pano. Tidzapempha kwa ankhoswe anu kuti timutenge mkaziyu akakhale kwathu."

Nthawi yomweyo mbuzi zakufa zija zinathyola chitseko cha khitchini, n'kulunjika pa mtedza. Aliyense anafa nako kuseka, koma mawu anali atatuluka kale, ndipo amalume anga, omwe ndi ankhoswe athu, atawamva sanawakane.

Tsiku londiperekeza ku Ntchisi, amayi anandimangira mtedza pa chitenje chatsopano chija. Sanandiyang'ane kumaso.

"Ndinataya nthawi ndi mbuzi," anatero. "Ndikanabisa iweyo."