A Jorge ndi Kavalo Wosambira mu Zambezi

Akavalo sakhala kuno. Dzuwa limawotcha, ndipo kashembe akawaluma amaonda mpaka kufa. Aliyense ku Feira amadziwa zimenezi. A Jorge Njanje ankazidziwa kuposa ife, komabe anabwera naye kavalo.

A Jorge anabadwira ku Kavalamanja, mwana wa msodzi wochokera kutsidya, ku Zumbo. Anachoka ali mnyamata. Ku Harare anayamba ndi kuwola ndowe m'makola a akavalo a mpikisano, kenaka kuwapesa, kenaka kuwakwera m'mawa. Thupi litalemera anatsika pamsana, nayamba kuphunzitsa akavalo kuthamanga ndi kulumpha mipanda. Pambuyo pake anakagwira ntchito kwa a Ian, mlimi wa ku Chongwe amene amapititsa akavalo ake ku mipikisano. Anabwerera kumudzi imvi zitayamba, mano ena atawasiya m'bwalo, akufuna chinthu chimodzi: khola lawolawo.

Kavaloyo anali wamkazi, dzina lake Dona, wa a Ian. Anavulala mtsempha wa mwendo wakutsogolo polumpha. Kavalo wotere amamuwombera. A Jorge anapempha kuti awapatse chilimwe chimodzi. Anapangana kuti Dona akachira, a Ian adzatumiza akavalo ena. Akapanda kuchira, mfuti, ndipo za khola zithere pomwepo.

Mankhwala a a Jorge anali madzi. Kavalo akamasambira, thupi lonse limagwira ntchito koma mwendo susenza kulemera. Ku Harare amamanga dziwe la simenti. Ife tili ndi Zambezi, wosalipira, koma wa ng'ona.

Ine ndinawadulira mitengo ya tsanya. Tinayamba ndi khola: denga la udzu lalitali kuti muzizizira, maneti m'mazenera, ndi utsi wa ndowe za mbuzi pakhomo wothamangitsa kashembe. Jekeseni a Jorge ankabaya okha. Kenaka tinalowa m'madzi. Tinazika mitengo mumtsinje, mbali zitatu, pamalo akuya aatali ngati bwalo la netibolo. Ntchito inali yowawa. Titamaliza, a Jorge anapita kukatenga Dona.

Akutsika naye kumtsinje, anakumana ndi a Thecla, mkazi wa mkulu wawo, akuchokera kudooko ndi amayi anzawo. A Thecla anatula ndowa.

"Alamu, nyumba yokongolayi mwamangira ndani? Ng'ona?"

"Ilowera pati? Mitengo yathithikana ngati mano."

"Ngati mano anuwo? Ndiye yalowa kale."

Amayi aja anaseka. A Jorge nawo anaseka, koma anaima.

"Kumtundaku mwasiya pululu," anatero a Thecla. "Ng'ona ili ndi miyendo, alamu. Imatuluka kukaotha dzuwa, pobwerera imatsikira pomwe yafika. Ikagwera muno situluka. Imangokhala, njala ikukula, kudikira dona wanuyu. Harare anakudyerani nzeru."

Amayi a kuno salowa mumpanda wotchinga ng'ona wa padooko asanatose madzi ndi nsungwi, ngakhale mpandawo ukhale watsopano. A Jorge anaona zimenezi ali mwana, koma anaiwala. Inenso ndinali pomwepo pozika mitengo, koma sindinawachenjeze. Amuna timalowa m'madzi tili m'bwato.

Amayi anatenga nsungwi, nayamba kutosa kuchokera m'mphepete. Pakona ya kumunsi madzi anaphulika. Ng'onayo siinali yaikulu kwambiri, koma mwendo wa kavalo ikanaukwanitsa. Tinazula mitengo iwiri, anthu anamenya zitini ndi nkhafi, ndipo inatuluka.

A Jorge sanadziteteze. Anati, "Alamu, mwandigulira kavalo." Anatseka mbali ya kumtunda ndi kuikapo chitseko. Anawonjezanso mpanda chakumtunda kwa mtsinje kuti amayi azichapira ndi kutunga kumene madzi sanadetsedwe ndi kavalo. Malipiro ake anali oti amayiwo azitosa kawiri, kwawo ndi kwa Dona. Ngakhale atatosa, a Jorge ankayamba kulowa okha mpaka m'chifuwa. Ndinawafunsa chifukwa chake. Anati kavalo ndi wa eni, thupi ndi lawo.

Kuyambira pamenepo Dona ankasambira m'mawa uliwonse. Ine ndinkapalasa, a Jorge atakhala kumbuyo kwa bwato atagwira chingwe, kavalo akutsatira mutu wokha uli pamwamba, akufwenthera ngati mvuu. Asodzi ankakuwa, "Mdala Jorge, mwakola nsomba yanji lero?" Iwo ankayankha kuti yosadya osauka. Mwendo utaphwa, anayamba kumuyendetsa pamchenga wouma, kenaka pamchenga wonyowa mothamangako pang'ono. Sankafulumira. Tsiku limene mwendo watentha, Dona ankatsala m'khola, akudya masau ouma m'manja mwawo.

A Ian anabwera mu Okutobala, mvula isanagwe. Mfuti inali kuseri kwa mpando wa lole. Ndinaiona. A Jorge anakwera Dona okha, ndi ukalamba wawowo, namuthamangitsa pamchenga wa m'mbali mwa mtsinje, kupita ndi kubwerera. Kavalo atapuma, a Ian anagwada nagwira mtsempha uja. Anagwira mwendo winawo, nabwereranso woyamba. Unali wozizira, wosatupa.

"Alumpha liti?" anafunsa a Ian.

"Chaka chino ayi, bwana. Athamange pansi posalala. Za mipanda tidzaona chaka chamawa."

A Ian anavomera. Dona anakwera lole ndi miyendo yake inayi.

Chilimwe chotsatira kunabwera akavalo awiri opunduka. Mmodzi anachira. Winayo kashembe anamupeza, ndipo anafa. A Jorge anaimba foni tsiku lomwelo nanena zonse mmene zinalili. A Ian anatumizabe ena, ndipo mnzawo wina wa ku Chisamba anatumizanso wake.

Lero khola lili ndi zipinda zinayi. Pamchenga pali mipanda ya bango yophunzitsira kulumpha, yoti kavalo akaigunda imagwa osamupweteka. Mvula ikayandikira ndi kashembe kuchuluka, akavalo onse amabwerera kwa eni ake kumtunda, madzi amakokolola mitengo ina, ndipo a Jorge amalima chimanga m'dimba ngati wina aliyense. Madzi akaphwera timadula tsanya, n'kuzikanso.