A Wahabu ndi Mapaipi a M'phiri

A Wahabu ananyamula katundu wa alendo okwera phiri ku Likhubula kwa zaka makumi awiri, mpaka mawondo anakana. Sukulu analekezera sitandade faifi, koma ukangowaonetsa katundu ndi komwe akupita, ankakuuza pomwepo kuti pafunika anthu angati ndi masiku angati.

Chaka chomwe anthu akwawo anagwirizana zokoka madzi kuchokera m'phiri, bungwe lina lothandiza linatumiza injiniya, mayi Christobel. Ntchito yake inali yaikulu: khoma lotchinga mtsinje kumtunda, matanki awiri, ndi mapaipi otsetsereka mpaka m'midzi isanu ndi umodzi. Bungwelo linkafuna kudziwa mtengo wonse mapulani asanathe n'komwe kujambulidwa. Mayiwo anali atawerengera kale pamapu, ndipo a Wahabu anangotengedwa kuti azilozera njira.

Anayenda masiku atatu, a Wahabu akuima pafupipafupi. Pena ankati pansi ndi thanthwe lokhalokha, khasu silingalowe. Pena ankaloza modutsa madzi a mvula ndi miyala, n'kunena kuti paipi yapulasitiki singakhalitse, pafunika yachitsulo. Pothera msewu anawakumbutsa kuti thumba lililonse la simenti lidzakwera pamutu, ndipo munthu sangakwere kawiri patsiku. Mayi Christobel ankangolemba, nkhope itagwa.

Mtengo watsopano utalengezedwa pamsonkhano, unali utatsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Anthu anang'ung'udza. Wina ananena poyera kuti mkuluyo akungofuna kupezera ganyu anzake onyamula katundu. Mawuwo anawalasa a Wahabu, moti kwa masabata awiri sanaonekenso pamsika; ankangopita kumzikiti n'kubwerera kunyumba.

Mayi Christobel anawalondola komweko, nawafunsa ngati panalibe pena pochepetsa.

"Amayi, papepala mutha kuchepetsa," anayankha a Wahabu. "Koma mapaipi akadzathera panjira, anthu omwewa adzatukwana inu."

Mayiwo anatumiza mtengowo momwe unalili. Bungwe linavomera midzi inayi yokha, ndipo mudzi wa a Wahabu unagwera mwa iwiri yotsalayo. Ntchito inayenda mpaka kutha, osaima ngakhale kamodzi.

A Ramla, akazi awo a Wahabu, amayendabe theka la ola kukatunga pampopi wa mudzi woyandikana. Akabwerako atatopa amawanyogodola amuna awo kuti anadzimana okha madzi. Koma wina akayerekeza kuwanena a Wahabu pampopipo, a Ramla amatula chidebe pansi n'kumuyankha mpaka atakhala chete.