Madzi Othowera Miyendo ya Achemwali

Achemwali anga ankathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo, ndipo manja awo anali othamanga moti akapitawo ankawaika kutsogolo kwa mzere. Kuvina ndiye musanene. Pa ukwati uliwonse iwo ndiwo ankayamba kudzutsa fumbi, enafe n'kumangotsatira. Ndiye pamene anayamba kukhwekhwereza mwendo wakumanzere, zala kuchita dzanzi, diso limodzi kumaona ngati muli nkhungu, tonse mitu inaima.

Amayi athu sanachedwe. Kwathu mwendo ukavuta timauthowa, basi. M'mawa uliwonse ankachoka kunyumba kwawo kubwera ku malaini a esiteti kumene achemwali ankakhala, n'kutereka madzi, n'kuviika kansalu kawo kofiira, n'kumathowa miyendo ya achemwali mpaka thukuta kamukamu. Akamaliza, achemwali ankalephera n'kuimirira komwe. Amayi ankati ndiye kuti nthenda yamva moto, ikufuna potulukira, ndipo mawa lake ankawonjezera nkhuni.

Patapita nthawi a chipatala cha kwathu anatitumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre, komwe anawajambula mutu ndi msana. Adokotala, mayi wolankhula mosathamanga, anatiuza kuti nthendayo ilibe dzina la Chichewa, pa Chingerezi amati multiple sclerosis. Anati mitsempha yonyamula uthenga kuchokera ku ubongo ili ndi chokutira, monga waya wa magetsi. Asilikali a m'thupi la achemwali anasokonekera n'kuyamba kulimbana ndi chokutiracho. Pamene aluma pamatupa, pakapola pamatsala chipsera, ndipo uthenga wopita ku mwendo umafika mochedwa kapena kuthera panjira. Anatiuza mosabisa kuti siichizika, koma alipo mankhwala ochepetsa kutupako.

Ine ndi pakamwa pangapa, ndinafuna adziwe kuti kunyumba sitinakhale manja lende. Ndinawauza monyadira kuti timawathowa tsiku ndi tsiku ndi madzi otentha bwino. Adokotala anaika cholembera pansi. Anati kutentha sikuwonjezera mabala, koma mtsempha wosupuka ukatenthedwa umalekeratu kutumiza uthenga mpaka thupi litazizira.

"Muziwaziziritsa," anatero.

Mu minibasi ndinangotsala pang'ono kuvina. Zonse zinamveka tsopano: chifukwa chake mu June, chiperoni chikakuta minda ya tiyi, achemwali ankafika okha kumsika, pomwe masana a October ankangokhala ngati chitsa. Ndinasangalala moti ndinafotokozera kondakitala, amene sanandifunse n'komwe.

Amayi okha ndiwo sanasangalale. Nditawauza, mwina mofulumira kwambiri, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye ukuti ine ndi amene ndimamulemaza mwana wanga?"

Anapinda kansalu kawo n'kupita, ndipo m'mawa sanabwerenso. Pa nkhani zina ankabwera ndithu, koma za miyendo anatseka pakamwa. Zinandiwawa, komabe mwano wanga sunandilole kukawapepesa.

Chaka chomwecho mwana woyamba wa achemwali anapeza banja, ukwati n'kuikidwa mu October, pa holo ya malata ku Masambanjati. Aliyense amadziwa kuti pamafika nthawi yoitana make mkwatibwi kuti alowe akuvina, anthu onse ataimirira. Ankhoswe anati tidzawalowetse pampando, anyamata atanyamula. Achemwali anakana kwamtuwagalu. Anati anavinira ana a eni ake zaka zonsezi, wawo yekha sangamuvinire ali m'malere ngati katundu.

Ine ndinatenga udindo wa ayezi. Ndinadzaza mabotolo n'kukawasungitsa mu filiji ya pa golosale, ndipo ndinkayenda modzikweza ngati ndine adokotala. Tsiku la ukwati ndinapeza kuti magetsi anathima dzulo lake. Mabotolo anga onse anali madzi ofunda.

Pofika masana malata anali kulira ndi dzuwa. Achemwali anakhala kuseri kwa holo pansi pa mtengo wa mapeyala, atatchena chilundu chatsopano, mwendo uli zii. Anayesa kudzuka n'kubwerera pampando. Mkati woyendetsa mwambo anali atayamba kale kuitana akuchimuna. Ndinathamanga kukanong'oneza mnyamata wa zoimbira kuti awaikire nyimbo zazitali, azivina mpaka atatopa. 

Potuluka ndinaona amayi akukwera chitunda kuchokera kudambo, chidebe pamutu atavundikira ndi masamba a nthochi, zovala za ukwati zitanyowa mbali yonse. Anali atafunsa eni mudzi kumene kuli kasupe. Ine sanandiyang'ane. Anatula chidebe, anagwada, n'kutulutsa kansalu kofiira kaja.

"Amake mwana, tambasulani mwendo."

Anaviika mapazi onse mu beseni, n'kumathowa akatumba, m'khosi, kumaso, mmene ankachitira kale, koma madzi ake ozizira mpaka kuwawa m'zala. Akuchimuna anavina nyimbo ina, n'kubwerezanso. Kenaka achemwali anagwedeza chala chachikulu cha kuphazi. Anagwira phewa langa, anaimirira, n'kundisiya.

Analowa okha. Mwendo unkatsalirako pang'ono, koma chiuno chinali chomwe chija cha kale, ndipo amayi othyola nawo tiyi anawazungulira ndi nthungululu mpaka holo inagwedezeka. Mkwatibwi anaiwala zoti mkwatibwi amayang'ana pansi, anadzuka n'kuthamangira make. Ine ndinalira, ndinaseka, ndinalulutira mpaka mawu anandithera. Chimwemwe chotero sindinachimvepo chibadwire.

Nditacheuka ndinaona amayi ataima pakhomo, kansalu kakudontha m'manja. Ndinapita kukawakoka kuti alowe, mdzukulu wawo awaone. Anakana.

"Pita ukavine, iwe. Achemwali ako akatuluka muno afunanso madzi ena."

Anasenza chidebe chopanda kanthu n'kuyamba kutsetserekera kudambo.