Anadula Mipapaya Kuti Amange Makwartu

Malume ananditengera mipapaya yanga ndi kadimba kamene ndinalima kuseri kwa nyumba yawo ku Canongola, mumzinda wa Tete. Sanandifunse. Ndinaweruka kusukulu n'kupeza mitengo ili pansi, mapapaya aawisi ali mbwee pafumbi, amisiri akukoka chingwe pomwe panali therere langa. Kwa wina amenewo ndi masamba chabe. Ine ndinkadalira zomwezo kuti ndichite chimbudzi ngati munthu.

Ndinachoka ku Angónia kudzakhala kwa malume kuti ndipitirize sukulu ku Tete. Kwathu kumapiri m'mimba mwanga simunandivutepo. Kuno munamanga. Ndinkatha masiku osachita chimbudzi, mimba ili ngati ng'oma, kenako kupotokola kondipinda pakati m'kalasi. Tsiku lina munkatseguka mwadzidzidzi, m'mawa mwake n'kumanganso.

Malume ankayendetsa galimoto yaikulu ku migodi ya malasha ku Moatize. Chiyambire malipiro a ntchito imeneyo, m'nyumbamo munalowa buledi woyera uja timati pau, mpunga, nkhuku yokazinga ndi refresko, chakumwa chotsekemera cha m'botolo, pa chakudya chilichonse. Mgaiwa unathamangitsidwa. Akazi awo ankati, “Anthu akaona gaga pakhomo pano aziti bambo anachotsedwa ntchito.”

Nditatopa ndinapita ndekha kuchipatala chaching'ono cha m'dera lathu. Namwino anandisindikiza pamimba, nandifunsa zimene ndimadya. Nditamuuza anapukusa mutu.

“Mwananga, matumbo ako sachedwa kukwiya, ndipo jakisoni wake palibe. Phala la mgaiwa m'mawa, masamba, papaya, madzi ambiri ndi dzuwa la kunoli. Uzidya nthawi imodzimodzi. Chimene chakupweteka uchisiye, uchizindikira wekha. Koma chimbudzi chikakupeza usachibweze.”

Ndinachizindikiradi. Nyemba, kabichi ndi anyezi zinkandidzaza mpweya. Refresko inkanditupitsa ndisanamalize botolo. Therere, nkhwani ndi papaya wakupsa zinkandimasula mwaulemu, popanda kupotokola. Vuto linali mtengo wake. Magalimoto a masamba ochokera ku Tsangano ankangodutsa kulunjika ku makhitchini a kumigodi, zotsalira kumsika n'kukwera mtengo ngati nyama. Ndiye ndinalima. Nthaka ya ku Tete ndi miyala, ndinaikumba ndi pikaleta yobwereka. Ndinkathirira ndi madzi otsukira mbale ndi amene ndasambira. Mgaiwa ndinkaupeza kwa mayi wina wa ku Tsangano wogulitsa masamba, amene ndinkamunyamulira matumba Loweruka. Phala ndinkaphika kuseri, kuti akazi a malume asachite manyazi.

Thupi linamva. M'mawa ndikamwa phala ndi madzi, ndinkadikira pang'ono, n'kupita kuchimbudzi popanda nkhondo. M'kalasi ndinayamba kumva zimene aphunzitsi akunena m'malo momvetsera mimba yanga. Ndinalowa m'kalasi ya dezima, ya khumi, chaka cha mayeso aakulu, ndili ndi mtima woti ndikhoza.

Chaka chimenecho ndi chimene Tete yense anapenga ndi makwartu. Anthu ankafika tsiku ndi tsiku kudzafuna ntchito ya malasha, alibe pogona, ndipo aliyense wokhala ndi kabwalo ankamangapo tizipinda tobwereketsa. Malume sanafune kutsalira.

Tsiku lodula mitengo lija ndinawapeza atakhala pa mabuloko.

“Malume, mitengo ija ndi imene imandithandiza m'mimba.”

“M'mimba mwako mulipira renda?” Amisiri anaseka. “Kwartu imodzi ibweretsa zoposa mapapaya ako a chaka chonse. Ndizikugulira kumsika. Matenda a mabwana pa mwana wa mlongo wanga, wawatenga kuti?”

Anandigulira kamodzi. Papayalo linali laliwisi.

Makwartu oyamba atatha munalowa amuna ochokera kulikonse. Ena ankadzuka m'bandakucha kupemphera, ena ankadzuka ndi matsire, koma onse ankafuna chimbudzi nthawi imodzi, basi ya kumigodi isanafike. Ndipo chimbudzi chinali chimodzi chomwe chija. Malume anapeza simenti ya zipinda, ya chimbudzi china anati idikire.

Munthu wodzimbidwa amafuna nthawi. Ine ndikangokhala, chitseko cha lata chinkayamba kulira.

“Mfana, wagonamo?”

“Musiyeni, akubereka. Ukatuluka utiuze ngati ndi wamwamuna.”

“Aise, basi ikatisiya utilipira ndiwe?”

Mmodzi anakadandaula kwa akazi a malume, ndipo lamulo linatuluka: olipira renda ayambe, wapakhomo pambuyo. Pambuyo pake inali nthawi ya sukulu. Kusukulu chimbudzi chinalibe madzi, nthawi zambiri chinali chokhoma. Choncho ndinkachita chimene namwino anandiletsa, kubweza tsiku lililonse, mpaka thupi linasiya n'kundiuza komwe. Pophikira phala panali patamangidwa. Loweruka ndinkaponda matope a kwartu yotsiriza, kumsika osapitanso. Ndinabwerera ku pau ndi mpunga.

Ndinawauza akazi a malume kuti matenda abwerera. Anandipatsa refresko kuti mpweya utuluke.

Tsiku la mayeso a masamu ndinalowa mimba ili gwa, nditatha pafupifupi sabata osachita chimbudzi. Mafunso ndinkawadziwa, ichi ndicho chimandiwawa mpaka lero. Ndili pakati, kupotokola kunayamba, thukuta lozizira kumsana, ndipo ndinadziwa kuti zimene zinakana sabata yonse zasankha nthawi imeneyi. Ndinakweza mkono. Woyang'anira mayeso anati wotuluka sabwereranso. Ndinayang'ana pepala, ndinayang'ana atsikana a kutsogolo kwanga, n'kutuluka. Mayeso a mawa lake ndinalemba ndili wofooka. Ndinalephera.

Kubwereza kalasi kunali kotheka. Ndinagwada pamaso pa malume kuwapempha, chinthu chimene sindidzachitanso.

“Ine ndisungenso chaka china munthu wothawa mayeso chifukwa cha chimbudzi? Kumudzi ndikanene chiyani?”

Mwezi usanathe, m'chipinda changa munalowa wowotcherera zitsulo wochokera ku Beira.

Pano ndimakhala ku Mpadue, dera lina la Tete yemweyu, ndimatsitsa matumba a mayi wa ku Tsangano uja. Masamba ofota ndi mapapaya ophwanyika amandipatsa ulere. Ndimamwa phala langa m'mawa, ndipo palibe wogogoda. M'mimba mumavutabe nthawi zina, makamaka ndikakwiya kapena ndikanyengedwa ndi nyemba, koma ndimadziwa chochita. Chimene chinkafunika ndi chomwechi basi, ndipo pakhomo podya nkhuku tsiku ndi tsiku chinasowa.

Ndimamva kuti kumudzi malume amauza anthu kuti mwanayo anali waulesi, tauni inamusokoneza. Amayi anga amawakhulupirira, poti ndi mlongo wawo ndipo amawatumizira feteleza. Pa maliro a wachibale wina malume anandigwira paphewa n'kunena kuti zakale zinapita, ndipite ndikadye kunyumba. Sindinapite. Sindikufuna nkhuku yawo. Ali nane ngongole ya chaka chimodzi cha sukulu, ndipo sanabwezebe.