Mkono wa a Lazaro

Chimene sindinamvetse pa Dorika Thole, ndipo mpaka lero sindichimvetsa bwino, n'chakuti anachoka patangotha sabata imodzi atapambana mlandu wake waukulu. Tinakhala moyandikana nyumba ku Bangula zaka ziwiri. Zimene ndilemba pano ndi zimene zinaoneka ndi maso, ndi zochepa zimene iye ananena yekha, pakuti sanali munthu wa mawu ambiri.

Dorika anabadwira ku Ndamera, mwana wa mlimi wa mapira. Anaphunzira zamalamulo ku Zomba, ndipo atamaliza analembedwa ntchito ndi bungwe lina laling'ono loimira anthu ovulala pa ntchito. Akuluakulu a bungwelo ankakhala ku Blantyre kozizira. Iyeyo, pokhala wamng'ono komanso wodziwa Chisena, anamutsitsira kuno kuchigwa. Ofesi yake inali chipinda chimodzi kuseri kwa chigayo, ndipo mapepala ake onse ankanunkha gaga. Ntchito yake yambiri inali kudzaza mafomu, kulondola makalata a madokotala, ndi kudikira pa benchi ku ofesi ya zantchito. Anthu ankamutcha mayi loya ngakhale anali asanafike zaka makumi atatu. Ena ankati ndi wouma mtima, chifukwa munthu akamalira iye ankangodikira kuti amalize, kenako n'kufunsa tsiku limene ngoziyo inachitika.

A Lazaro anafika kwa iye mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anachokera ku Makhanga ndi akazi awo, a Rute, ataoloka pa bwato. Anali atadula nzimbe zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi pa esiteti ina ku Chikwawa, mpaka tsiku limene unyolo womangira nzimbe pa ngolo ya thirakitala unaduka n'kuwamenya paphewa lakumanja. Bala linapola, koma mkono sunadzuke. Komabe fomu ya dokotala inanena kuti ululu wawo ndi wochepa ndipo akhoza kubwerera kumunda. Atalephera kugwira chikwanje, kapitawo analemba kuti akukana ntchito, ndipo anawachotsa. Fomuyo ikanakhala momwemo, a Lazaro sakanalandira chipukutamisozi, ndipo akanatsala ndi dzina la munthu waulesi.

"Dokotala anakufunsani chiyani, bambo?" anafunsa Dorika.

"Anati, muli bwanji."

"Inu munati chiyani?"

"Ndinati pang'ono."

A Rute anaomba m'manja kamodzi. "Mwawamva? Awa ngakhale ng'ona itawagwira mwendo, adzaiuza kuti pang'ono."

"Amake Elisha, munthu wamkulu sadandaula pamaso pa alendo," anatero a Lazaro.

"Ndiye idyani ukuluwo."

Dorika sanaseke. Kuno munthu akayankha moni kuti pang'ono, ndiye kuti zinthu zavuta, ndipo abale amayamba kutumizirana uthenga. Koma dokotalayo anali mlendo wochokera kunja, ndipo kalaliki amene ankamasulira anangopereka mawuwo monga alili. Dorika ankawadziwa mawu amenewa kuposa wina aliyense. Ali chaka chomaliza ku Zomba, mayeso ali pafupi, anaimbira foni bambo ake amene ankadwala. Iwo anati pang'ono. Iye anawamva ndi makutu a kusukulu, nabwerera ku mabuku. Patapita masiku awiri anamuitana kumaliro.

Pa fomupo panalinso mzere wina: wodwalayo anapereka moni ndi dzanja lamanja popanda vuto. Mzere umenewu unamusautsa Dorika mpaka a Lazaro atabwera kachitatu. Polowa anatambasula dzanja, lamanzere litagwira pansi pa chigongono, monga achitira aliyense woleredwa bwino. Pamenepo ndi pamene Dorika anaona. Dzanja lamanzere silinkangokhudza mwaulemu. Linkanyamula mkono wonse, monga mayi anyamulira khanda.

"Kumudzi akudziwa?" anafunsa motsitsa mawu.

A Lazaro anayang'ana pansi. Amene anayankha ndi a Rute. "Sadziwa. M'mawa uliwonse amasenza khasu paphewa lamanzere, timapita kudimba tonse. Kumeneko ndimalima ndine, iwo amathamangitsa mbalame. Pobwerera amadzipaka dothi kumapazi."

"Bambo, tsiku la mlandu muyenera kunena nokha kuti mkonowu sugwira ntchito. Ine kunena sikokwanira."

"Ndidzayesa, mwanangu. Koma chinthu chimodzi ndikupempheni. Musadzandivule pagulu."

Dorika anati wamva. Sanalonjeze, koma a Lazaro anatenga mawuwo ngati lonjezo, ndipo iye anadziwa kuti awatenga choncho.

Mlandu unamvedwa ku boma la Chikwawa, m'chipinda chodzaza anthu ena odikira milandu yawo. Pakati pawo panali amuna atatu amene ankadula nzimbe limodzi ndi a Lazaro, mmodzi wa ku Makhanga komweko. Loya wa esiteti anali munthu waulemu ndi wodziwa ntchito yake. Anaimirira, namwetulira, nafunsa mofatsa.

"Bambo Lazaro, lero muli bwanji?"

A Lazaro anayang'ana anzawo atatu aja.

"Pang'ono," anatero.

Loyayo anathokoza nakhala pansi. Wapampando, mayi wachikulire wovala magalasi, anayamba kulemba. Dorika anafotokoza tanthauzo la mawuwo, ndipo wapampando anavomera kuti nayenso amawadziwa, koma anati iye amatsatira pepala la dokotala, osati chizolowezi cha moni. Anafunsa ngati pali umboni wina.

Dorika akanatha kukhala pansi, a Lazaro n'kubwerera kwawo opanda kanthu koma ali ndi khasu lawo paphewa. Anaganiza za a Rute, akulima okha dimba la anthu awiri. Kenako anatembenuka.

"Bambo, chonde kapatseni moni amayi wapampando. Koma dzanja lamanzere muliike kumbuyo."

A Lazaro anamuyang'ana. M'maso mwawo munalibe mkwiyo, munali kudabwa kokha. Pokhala munthu womvera, anapita kutsogolo, naika dzanja lamanzere kumsana. Phewa lakumanja linakwera mpaka kukhutu. Mitsempha ya m'khosi inatuluka. Mkono unangogwedezeka pang'ono ngati nsalu yoyanika, n'kukhalanso lende. Anayesa kachiwiri. Anayesanso kachitatu, ndipo palibe amene anawaletsa msanga.

"Basi, bambo, khalani pansi," anatero wapampando, atavula magalasi.

Analamula kuti a Lazaro akapimidwenso ndi dokotala wina. Patatha mwezi, pepala latsopano linatuluka: kulumala kosachira. Mawu oti anakana ntchito anafufutidwa, ndipo chipukutamisozi chinavomerezedwa. A Gilbert, mkulu wa bungwe lija, anaimba foni kuchokera ku Blantyre kumuuza Dorika kuti njira imene anagwiritsa ntchito idzaphunzitsidwa kwa maloya ena atsopano. Iye anangoti zikomo.

A Lazaro ndi a Rute anabwera komaliza Lachiwiri lotsatira, atanyamula milamba youma yokulunga m'pepala. A Lazaro sanatambasule dzanja. Anangowerama pang'ono n'kunena kuti, "Takhuta," kuthokoza kwa Chisena. A Lazaro ali panja kuyang'ana chigayo, a Rute ananong'oneza Dorika.

"Nkhani inafika kumudzi ife tisanafike. Palibe amene amawaseka, ayi. Anthu amawamvera chisoni, ndipo chimenecho ndiye chikuwapha. Kudimba anasiya kupita. Amangokhala kuseri kwa nyumba, khasu lili pakhonde. Koma inu munachita bwino, mayi loya. Ana adya."

Potsanzika, a Lazaro anaima pakhomo.

"Nanga inuyo, mwanangu, muli bwanji?"

"Pang'ono, bambo," anayankha Dorika.

A Lazaro anamuyang'ana nthawi yaitali, nagwedeza mutu pang'onopang'ono. Iwo sanafune womasulira.

Masiku otsatirawo Dorika anasanja mafayilo onse, nalemba pa lililonse pamene nkhani yafika ndi chimene chatsala, nawatumiza ku Blantyre pa minibasi. Nsomba zija anagawira anansi. Kiyi wa ofesi anasiyira mwini chigayo. Lolemba m'mawa anaoneka akutuluka ndi chikwama chimodzi, atavala chitenje pamwamba pa siketi yake ya kuntchito. Wogulitsa mandasi pa siteji amati anakwera minibasi yolowera kumtunda. Mwini bwato wina amalumbira kuti anamuolotsa kupita ku Chiromo. A Gilbert anabwera kudzafunsa, napitanso ku Ndamera, koma abale ake anati nawonso akudikira uthenga. Foni yake imalira, koma palibe amayankha.