Aphunzitsi a M'foni

Ndinaganiza zochoka kwathu ku Majaua tsiku limene ndinapeza mwana wanga Nelita akuwerenga buku ataligwira chozondotsa. Anali m'kalasi yoyamba, ana ali thithithi pansi pa mtengo, mphunzitsi mmodzi yekha. Ndinati ayi, ndipite ku Quelimane ndikaphunzire uphunzitsi, zimenezi ndidzazikonze ndekha. Mtima wanga ndi wotero, sudziwa kudikira. Mwanayo ndinamusiya kwa achemwali anga, a Marta, amene iye ankawatchula kuti amayi aakulu.

Ku Quelimane masana ndinkagwira ntchito pa kashopu ka fotokope, ndikaweruka n'kuthamangira kukalasi. Malipiro ankathera pa lendi ndi mamega a intaneti ya pafoni. Kumudzi ndinkatumiza zotsala, miyezi ina moni yekha. Ndinkasungulumwa koopsa. Mumzinda wonsewo, wodzaza ndi njinga, munalibe wondifunsa m'chinenero changa kuti ndadzuka bwanji.

Kukosi ya uphunzitsiyo ankatiuza kuti masiku ano choko ndi bolodi sizikwanira, foni imafikitsa phunziro kumene mphunzitsi sangafike. Anzanga ankangoloweza kuti akhoze mayeso. Ine ndinakhulupirira ndi mtima wonse, poti ndinali ndi mwana kumene sindikanafika. Ndinayamba kujambula mawu anga n'kumatumiza pa foni ya alamu anga, amuna awo a Marta. Kwathu netiweki imagwira pachulu cha kumunda basi, nayonso yobwereka ya ku Malawi. Lamlungu akachoka kutchalitchi, alamu ankakwera pachulupo kukatsitsa maphunziro, Nelita n'kumamvera mpaka batire kutha.

Kuimbirana kunkangodukaduka, choncho tinasiya. Phunziro lililonse ndinkaliyamba monga anatiphunzitsira, ndi moni wa Chipwitikizi wa m'kalasi: "Bom dia, meninos." Ndinkafuna azolowere zakusukulu. Ana a makomo oyandikana ankabwera kudzamvera nawo, ndiye sindinkamutchula dzina, kuopa kuti anzake angadandaule.

"Mwanayu akuwerenga, ndi zolembedwa pa thumba la feteleza zomwe," anatero a Marta mu uthenga wina. Ndinakatsegula uthengawo kuti kalasi yathu yonse imve, ndipo anandiombera m'manja. Tsiku limenelo ndinayenda mapewa ali m'mwamba.

Ndinabwerera nyengo yokolola, nditangotsala ndi maphunziro oyeserera, Nelita ali m'kalasi yachitatu. Minibasi inanditsitsa pamsewu, kotsalako ndinayenda wapansi. Ndinamupeza pakhonde akutong'ola chimanga, atatalika, ali ndi mano atsopano akutsogolo amene sindinaone akumera. Anandiyang'ana ngati wogula nyemba wongodutsa.

"Nelita," ndinaitana.

Atangomva mawuwo anadzambatuka, chimanga n'kumwazika. Anaima chilili, manja m'mbali, monga amachitira ana mphunzitsi akalowa m'kalasi.

"Bom dia, senhora professora!"

A Marta anaseka mwamanyazi. "Iwe, amenewa ndi amayi ako."

"Ayi amayi," anayankha atawagwira chitenje, "amenewa ndi aphunzitsi a m'foni aja."

Amayi. Mawu oti aakulu aja anali atagwa kalekale, ndipo palibe amene anandiuza. Sindikuwaimba mlandu a Marta. Malungo atamugwira mwanayo, amene anamubereka kumsana ndi iwo, pamene ine ndinali kutumiza a, e, i, o, u.

Kukosi sanatinamize. Foni inafikitsadi phunziro, ndipo Nelita amawerenga kuposa anzake onse. Chaka chamawa ndikadzaima kutsogolo kwa kalasi ndidzaigwiritsa ntchito ndithu, sindingakane. Koma ndikaiona pachaja zimandiwawa, chifukwa inanyamula mphunzitsi yekha, mayi n'kumusiya ku Quelimane.

Pano amanditchula kuti amayi pokhapokha a Marta akamuyang'anitsitsa. Dzulo tinatsala awiri pakhonde, ine ndikusankha nyemba. Ndinaona wakhala phee, chala chili m'mwamba, akudikira kuti ndimulole kuyankhula. Ankafuna kupempha madzi akumwa.